PFUKO LA MACALPINE, NDI KUMENE DZINALO LINACOKERA



Kuno ku nyanja ulipo mwambo wakale, wakuti mlendo akafika pamudzi, atakhala pansi ndi kumwa madzi, akuru amfunsa ciwongo cace. Sacita ici cifukwa ca kumkaikira iai, koma kuti adziwe pomuika, ngati ali mbale, kapena mlamu, kapena munthu wa kutali. Akayankha kuti, Ndine Banda, kapena Phiri, kapena Chirwa, kapena Longwe, pomwepo nkhani iyamba kuyenda, ndipo dzuwa lisanalowe apezeka wina amene agogo ace anakwatira kwao kwa mlendoyo. Koma ambiri a ife takula ndi kuyesa kuti Mzungu alibe ciwongo, ndi kuti maina ao ali maina cabe, monga maina olembedwa pa sitima. Si kutero. Lero tifuna kucita cimene mwambo ulamula, ndi kufunsa ciwongo ca mmodzi wa alendo aja anakhala pakati pa makolo athu.

Tasankha Mbusa Alexander Gillon MacAlpine. Misyoni ya Livingstonia inacoka ku Cape Maclear nidzakhala pa Bandawe m'caka ca 1881, pansi pa Dr Robert Laws. Ndipo MacAlpine anafika m'caka ca 1893, natsala ndi nchito ya pano pamene Laws anakwera ku Khondowe mu 1894. Iye anaphunzira Citonga nacigwira bwino, nalemba za cipembedzo ndi miyambo ya Atonga m'caka ca 1906, ndipo Cipangano Catsopano ca m'Citonga, cimene cinasindikizidwa mu 1921, ciri nchito imene iye anaigwira pamodzi ndi aphunzitsi a kuno. Munthu amene anafunsa makolo athu mafunso ambiri otere za mizimu yao ndi maliro ao, sadzakwiya ife tikafunsa za makolo ace.

M'cinenero ca anthu a kumapiri a Scotland, cochedwa Gaelic, liu lakuti clann litanthauza ana, ndipo Mac ndiko kunena mwana wa. Cotero MacAlpine ndiye mwana wa Alpin, monga MacDonald ali mwana wa Donald. Pfuko la kumapiriko linali ndi mfumu yace, ndi cigwa cace kapena cisumbu cace, ndi mpfuu wace wa nkhondo. Koma musayese kuti onse a dzina limodzi anali a mwazi umodzi. Munthu wofooka anathawira kwa wamphamvu, nalima m'dziko lace, namtsata kunkhondo, ndipo ana ace anatenga dzina la mfumuyo. Ici sitisowa wotimasulira. Masiku a nkhondo ya Angoni, pamene anthu anadzaza m'linga la Mankhambira pa Chintheche ndi la Marenga pa Bandawe, kodi onse a m'katimo anaturuka m'mimba imodzi? Ena makolo ao anacokera kumwera kwa Acewa, ena kumapiri, ena kutsidya la nyanja. Linga ndilo linawaphika mu mphika umodzi.

Tsono Alpin ndani? Kuti timpeze tiyenera kubwerera zaka zoposa 1,100.

Masiku amenewo dziko limene tilicha Scotland linali la mitundu ingapo. Kumadzulo, ku magombe ndi zisumbu za Argyll, kunali ufumu wa Dal Riata, wa anthu olankhula Gaelic, abale a anthu a ku Ireland. Linga lao lalikuru linali pa phiri la thanthwe lochedwa Dunadd, ndipo pamwamba pace pali cizindikiro ca phazi la munthu cosemedwa m'mwala, cimene akuru a mbiri ayesa kuti mfumu yatsopano inkapondamo polowa ufumu. Kwa anthu amenewa kunadza Columba m'caka ca 563, pa ngalawa, ndi anzace 12, nakhala pa kacisumbu ka Iona. Anamwalira komweko mu 597. Ife amene tinalandira Mau pa sitima ya Ilala tisaiwale kuti iwo omwe anatitengera Mauwo anawalandira pa madzi, kwa mlendo.

Kum'mawa ndi kumpoto kunali mtundu wina wochedwa Picts, wa cinenero cace, wosema miyala ndi zithunzi za nyama ndi nsomba. Bede, mlembi wa ku England amene anatsiriza buku lace la mbiri mu 731, analemba kuti anthu awa, pakakhala cikaiko ca ufumu, ankasankha mfumu ya kucikazi. Ophunzira a masiku ano atsutsana pa mau amenewa, ndipo ambiri sawabvomera. Koma ife a kunyanja, amene tidziwa mphamvu ya malume ndi ya mwana wa mlongo, tiwawerenga ndi kumwetulira.

Pamenepo inadza nkhondo yocokera kunyanja. Anthu a kumpoto ochedwa Vikings anafika ndi ngalawa zazitari, natentha midzi, nagwira akapolo, nalanda cuma ca m'nyumba za Mulungu. Anakantha Iona mu 795, ndi mu 802, ndipo mu 806 anapha anthu 68 a pamenepo. M'caka ca 839 anagonjetsa nkhondo yaikuru ya a Picts, ndipo m'nkhondo imodziyo inafa mfumu ya a Picts, ndi mbale wace, ndi mfumu ya Dal Riata. Mipando iwiri inatsala yopanda eni. M'cisokonezo cimeneci anaturukira munthu wochedwa Kenneth mwana wa Alpin, amene ca m'ma 843 anakhala mfumu. Za atate wace Alpin zolembedwa za nthawi yomweyo ziri zocepa ndithu; ulemu wonse wa dzina lace waupeza mwa mwana wace.

Kenneth anatenga zina za zopatulika za Columba ca m'ma 849 naziika ku Dunkeld, m'kati mwa dziko, kutali ndi ngalawa za adani. Anamwalira pa Forteviot mu 858, ndipo mabuku a maina a mafumu anena kuti anaikidwa ku Iona. Analowa m'malo mwace si mwana wace, koma mbale wace Donald. Ana ace analowa pambuyo, ndipo kwa mibadwo ingapo ufumu unasinthana pakati pa nyumba ziwiri za ana a Kenneth. Ici naconso siciri cacilendo kwa ife.

Ilipo nthano imene ana a sukulu a kumeneko anaimva kwa zaka zambiri, yakuti Kenneth anaitana akuru a Picts kuphwando, ndipo ataledzera anazula misomali ya mipando yao, nagwa iwo m'maenje okumbidwa pansi, naphedwa onse. Nthano yokoma kuimva pamoto. Koma ipezeka m'zolembedwa patapita zaka zoposa 200 mwini wace atafa. Ndipo taonani cinthu cina: alembi a ku Ireland, polemba imfa yace m'buku lao la zaka, sanamucha mfumu ya Scotland, kapena wogonjetsa a Picts, koma mfumu ya a Picts. Cotero ophunzira ambiri lero ayesa kuti mitundu iwiriyo inalumikizana pang'ono pang'ono, mwa ukwati, mwa Mpingo, ndi mwa kuopa mdani mmodzi, ndi kuti zidzukulu za Kenneth, zitakhazikika pa mpando, zinakuza mbiri ya kholo lao. Dzina la Alba, limene ufumu wolumikizanawo unachedwa nalo, liyamba kuoneka m'mabuku ca m'ma 900.

Mfumu yochuka sisowa adzukulu. Mafuko 7 a kumapiri anena kuti ali mbeu ya Alpin, m'cinenero cao Siol Alpin: ndiwo MacGregor, Grant, MacKinnon, MacNab, MacAulay, MacFie ndi MacQuarrie. Cizindikiro cao ndi nthambi ya paini, mtengo wa banja limodzi ndi ija muiona ku Chikangawa. A MacGregor alemba pa cizindikiro cao mau akuti mtundu wao ngwacifumu. Ndipo ulipo mwambi wa Gaelic wakuti zitunda, ndi mitsinje, ndi a MacAlpine, ndiko kunena kuti zitatuzi zinayamba pamodzi, ndipo palibe anaona ciyambi cace.

Apa tiyenera kuyenda ndi ndodo, pakuti madzi ali akuya. Masiku a Kenneth kunalibe maina a mabanja opitirira mibadwo. Ana ace sanachedwe MacAlpin, koma ana a Kenneth. Maina okhazikika anadza patapita zaka mazana. Mmodzi wa oyamba kupezeka m'zikalata ndi dzina ili ndiye John MacAlpyne, amene anakhala mboni pa kalata ya dziko ku Strathearn ca m'ma 1260, ndiko kuti zaka 400 Kenneth atafa. Pakati pa awiriwa palibe cingwe ca maina colembedwa cimene woweruza angacigwire. Ndiponso dzina la Alpin silinali la munthu mmodzi yekha. Ngakhale mwa mafumu a Picts analipo olichedwa. Munthu angathe kukhala mwana wa Alpin woona, koma Alpin wace nkukhala msodzi.

Koma tisanene kuti nkhani ya mbeu ya Alpin inali yopanda nchito. Mafukowo anaikhulupirira, naigwiritsa nchito monga ife tigwiritsa cibale. M'caka ca 1591 mfumu ya a MacAulay ya ku Ardincaple ndi mfumu ya a MacGregor ya ku Glenstrae analemba pangano la kuthangatana, nachula m'menemo kuti onse awiri ali a MacAlpin a kale. Ubale wokumbukiridwa pa tsiku la nsautso umanga linga, ungakhale palibe angauwerenge mibadwo yace. Ena a mafukowa analinso pafupi ndi Mpingo kuyambira kale: MacNab ndiko kunena mwana wa mkuru wa nyumba ya ansembe, ndipo a MacKinnon anapereka akuru angapo oyang'anira Iona.

Amene anasauka koposa ndi a MacGregor. Maiko ao analowa pang'ono pang'ono m'manja mwa a Campbell, amene anali ndi zikalata za mfumu, pamene iwo anali ndi lupanga ndi cikumbukiro cokha. Mu February 1603 anamenyana ndi a Colquhoun m'cigwa ca Glen Fruin, napha ambiri. Mfumu James VI inapsa mtima, nilamula kuti dzina la MacGregor lithe, wolisunga aphedwe. Mfumu yao Alasdair inapacikidwa pa cingwe ku Edinburgh mu 1604. Talingalirani, abale, Boma litalamula kuti kuyambira mawa pasakhale munthu wochedwa Mhone kapena Kamanga, pa ubatizo, pa ukwati, kapena pa bwalo la mlandu. Anthuwo anabisala m'maina a eni ace, ena Murray, ena Drummond, ena Grant. Ngakhale Rob Roy, wochuka wao uja, anayenda ndi dzina la Campbell, la kwa amace. Lamulolo linacotsedwa mu 1661, linabwezedwa mu 1693, ndipo linatha ndithu mu 1774. Ndipo pamene linatha, anaturuka anthu ambiri amene agogo ao anawanong'oneza dzina lao leni leni m'nyumba, cotseka citseko.

Akuru a kumeneko asimbanso kuti m'masiku a ciletsoco a Grant ndi a MacGregor anasonkhana ku Blair Atholl masiku 14, kuti akhale pfuko limodzi, ndipo limodzi la maina anawaganizira linali MacAlpine. Pa dzina anamvana. Pa funso lakuti mfumu idzacokera nyumba iti, msonkhano unabalalika. Sitidzanena kanthu pa ici, pakuti tiona ena mwa akuru ayamba kale kuyang'ana pansi.

Nanga eni dzina, a MacAlpine? Apa ndipo pali codabwitsa. Mafuko 7 aja anali ndi mafumu ndi maiko; koma iwo amene anasenza dzina la Alpin lomwe analibe mfumu yobvomerezeka, kapena cigwa cochedwa cao. Ambiri anakhala ku Argyll, m'dziko lija la Dunadd, nalima minda ya eni ace, makamaka pansi pa a Campbell. Ena anabalalika m'mafuko ena. Dzina lakale koposa, lopanda mpando. Cifukwa cace mbiri yao siiri ya nkhondo ndi malinga, koma ya munthu mmodzi apa ndi wina apo. Ndipo awiri a iwo tifuna muwadziwe, inu aphunzitsi makamaka.

Woyamba ndiye John MacAlpine, mkuru wa nyumba ya ansembe a Dominican ku Perth kuyambira 1532. Iye analandira ciphunzitso ca Kukonzanso kwa Mpingo, ndipo ataitanidwa kukayankha mlandu wa cipembedzo mu 1534 anathawira ku England. Pambuyo pace anamuka ku Wittenberg, mudzi wa Martin Luther, kumene anadziwika ndi dzina lakuti Machabeus. Ndipo mu 1542 anakhala mphunzitsi wa za Mulungu pa sukulu yaikuru ya ku Copenhagen, m'dziko la Denmark. Kumeneko anali mmodzi wa iwo amene anakonza Buku Lopatulika la m'cinenero ca dzikolo, losindikizidwa mu 1550. Anamwalira komweko mu 1557, osaonanso kwao. Waciwiri ndiye Neil MacAlpine, mphunzitsi wa sukulu pa cisumbu ca Islay, amene mu 1832 anaturutsa buku la mau a Gaelic ndi kachulidwe kace, pa nthawi imene akuru ambiri anayesa cinenero cimeneco ca anthu osaphunzira, coyenera kufa. Sitinena kuti awa anali agogo a Mbusa wathu. Tanena kale kuti dzina si mwazi. Koma ciri cokondweretsa kuti pofunafuna mafumu m'pfuko ili tapeza omasulira mau atatu: wina ku Denmark, wina ku Islay, ndi wina pa Bandawe.

Tsopano tinene mwacidule umo mafuko onse a kumapiri anagwera. Pa 16 April 1746, pa dambo la Culloden, ankhondo a kumapiri amene anatsata nyumba ya Stuart anagonjetsedwa ndi nkhondo ya Boma, ora limodzi lisanathe. Boma linalanda zida, linaletsa cobvala ca kumapiri kufikira 1782, ndipo linacotsa mphamvu ya mafumu ya kuweruza milandu. Koma cimene cinapha mafuko si lupanga la mdani. Mafumu omwe anasanduka eni minda ofuna ndalama, ndipo anapeza kuti nkhosa zipindula koposa anthu. Mabanja anaturutsidwa m'zigwa za makolo ao, madenga natenthedwa, ndipo anthu anamka ku magombe, ku mafakitale a ku Glasgow, ndi kutsidya la nyanja yamcere, ku Canada ndi ku Australia.

Cisumbu ca Ulva cionetsa zonsezi pa malo amodzi, ndipo citikhudza ife. Cinali ca a MacQuarrie, amodzi a mbeu ya Alpin, kufikira mfumu yao inacigulitsa cifukwa ca ngongole mu 1777. Pa cisumbu comweco panakhala mlimi wosauka dzina lace Neil Livingstone, amene ca m'ma 1792 anacoka ndi ana ace kukagwira nchito pa fakitale ya thonje ku Blantyre. Mdzukulu wace David anabadwa kumeneko mu 1813, ndipo iye mwini analemba kuti atate wa agogo ace anafa pa Culloden. Ndiye David Livingstone amene mu 1861 anayenda pa ngalawa m'gombe lino, naonana ndi Marenga ndi Mankhambira. Ulva yemweyo, itadza njala ya mbatata ya kacewere mu 1846, mwini watsopano anapitikitsa anthu ambiri, kotero kuti mwa anthu ngati 600 anatsala ngati 150 m'zaka zowerengeka. M'caka ca 2018 anthu a dera limenelo anasonkha ndalama, ndi cithandizo ca Boma, nagula cisumbuco kuti cikhale ca anthu onse; otsalapo pa nthawiyo sanafike ndi 10 omwe.

Ndiponso Mpingo umene unatuma amisyoni kuno, Free Church of Scotland, unabadwa mu 1843 pa mlandu wa eni minda omwewo: abusa oposa 450 anasiya nyumba ndi malipiro ao, pokana kuti mwini dziko asankhire mpingo mbusa. Ambiri a kumapiri anawatsata, ndipo m'malo ena, eni minda atawamana pomanga, anapemphera panja. Tikumbukire ici tikamaganiza kuti Azungu aja anacokera ku dziko lopanda misozi.

Cotero munthu wa pfuko lopanda mfumu anadza kukhala pakati pa mtundu wopanda mfumu yaikuru. Pakuti Atonga, atathawa m'manja mwa Angoni m'zaka za m'ma 1870, ndi kuwagonjetsa pa mtsinje wa Chintheche, sanaike mmodzi pamwamba pa onse. Mudzi uli wonse unasunga ulemu wace. Boma la Angerezi linabvutika nako, pakuti linafuna mutu umodzi wolankhula nao. M'zaka za m'ma 1930 linayesa bungwe la mafumu lochedwa Atonga Tribal Council, ndipo m'zaka za m'ma 1940 linalithetsa. Pa milandu ya masiku amenewo nyumba iri yonse inaturutsa mbiri ya kholo lace loyamba kuponda dziko, ndipo mbiri zina zinakula usiku umodzi monga bowa. Si Kenneth yekha amene adzukulu anamkuza.

Ndipo pa tsiku la cikondwerero sitidzabisa kuti masiku a MacAlpine anali ndi minga yace. M'zaka zace zoyamba anthu anadza ku makalasi ndi ku sukulu m'maunyinji. Koma njira ya ku ubatizo inali yaitari, ya zaka, ndipo ambiri analema nako kudikira. Pamene Elliot Kamwana, mwana wa kuno, anabwera ndi ciphunzitso ca Watch Tower mu 1908, anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yowerengeka, kufikira Boma linamcotsa mu 1909. Abusa oyamba a dziko lino mu Misyoni ya Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, zaka 39 Misyoni itafika. Ndipo Mwasi anaturuka mu 1933 nayamba mpingo wace. Zonsezi ziri m'mbiri ya nyumba yathu, ndipo wolemba mbiri wosiya izi afanana ndi uja anapeka phwando la mipando yozulidwa misomali.

Nkhani ya a MacAlpine inapitirira kufikira masiku athu. Ku Edinburgh kuli woweruza wochedwa Lord Lyon, amene ayang'anira zizindikiro za mabanja ndi kubvomereza mafumu a mafuko; ndipo kwa iye mwambi wa zitunda ndi mitsinje suli umboni. Afuna zikalata. Anthu a dzina ili, obalalika m'maiko ambiri, anayamba kufunana ndi kusonkhanitsa maina a makolo ao m'mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a manda. Mu September 2016 anacita msonkhano wa banja pa Abbotsford, nyumba yakale ya mlembi Walter Scott, nasankha mmodzi wa iwo. Ndipo mu 2017 Lord Lyon anampatsa kalata, si ya ufumu iai, koma ya mtsogoleri wogwirizira pfuko. Palibe anatha kuonetsa kuti ali mdzukulu wa Kenneth, ndipo woweruzayo sanafunse cimeneco. Cimene cinawathandiza ndi mabuku osungidwa ndi alembi a mipingo ya kumidzi, anthu osachuka, amene analemba dzina la mwana, ndi la atate wace, ndi la amace, ndi mudzi, ndi tsiku.

Cifukwa cace tiri ndi pempho kwa inu alaliki ndi aphunzitsi a makalasi, amene mulowa m'nyumba zimene Abusa safikamo kawiri kawiri. M'dera la yense wa inu muli nkhalamba zimene zidziwa maina a iwo anakhala m'linga, ndi kumene anacokera, ndi amene anayamba kunka ku Harare ndi ku Joni osabwerera. Tengani kope, mukhale nao pansi, mulembe. Lembani kucimuna ndi kucikazi komwe, pakuti kuno mwana ali wa mbali zonse ziwiri, ndipo milandu yambiri ibuka pamene mbali imodzi yaiwalika. Lembani dzina la wokuuzaniyo ndi tsiku. Cimene anaciona ndi maso cikhale pa tsamba lace, ndi cimene anacimva kwa agogo ace pa tsamba lina. Ndipo nyumba ziwiri zikasiyana mau, lembani zonse ziwiri, osaweruza, pakuti simunatumidwe kukalonga ufumu. Mukapezanso mabuku akale a ubatizo ali m'bokosi la ciswe, kapena pansi pa denga lodontha, muuze mlembi wa Seshoni sabata lomwelo.

Tikatha kudya tidzatsikira pamodzi ku Makuzi, ku Bandawe wakale, kumene kuli nyumba ya Mulungu ya njerwa ndi manda a amisyoni oyamba, pakati pao Mbusa Bain amene anamwalira mu 1889. Okalamba atsogole pa galimoto. Ana a sukulu atenge makope ao, alembe maina onse ali pa miyala, ndi zaka zace, monga momwe alembedwera.